Filimu Imene Amalume Anaidula Mchira

M'kachitini momwe ndimasungira singano ndi mabatani muli kachidutswa ka filimu kotalika ngati chala changa chapakati. Kali ndi tizithunzi tinayi ndi timabowo m'mbali zonse ziwiri. Kanauma, kanapindika, ndipo tsopano ndi kachikasu. Ukakaloza kudzuwa umaona mayi wachizungu wovala diresi la madontho akutuluka pakhomo, dzanja lina wanyamula sutikesi, lina wagwira kamwana. M'tizithunzi tonse tinayi phazi lake lili m'mwamba, silinapondebe pansi. Adzukulu anga akakapeza amandifunsa chifukwa chimene ndimasungira zinyalala. Ndimawauza kuti abweze pomwe akatenga, chifukwa zinyalala zimenezo ndi zimene zinatisamutsa ku Kabwata.

Inali nthawi ya Chitaganya, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala m'nyumba zozungulira zija zofolera udzu, zondandalikidwa m'mizere, iliyonse ndi nambala yake pachitseko. Chipinda chinali chimodzi. Amayi anamanga chingwe pakati n'kupachikapo chitenje, ndipo kuseri kwa chitenjecho tinkakutcha kuchipinda, mwaulemu wonse. Madzi tinkatunga pampopi wa mzere wonse, ndipo nkhani za komboni tinkatunganso pomwepo. Makolo anga anachokera ku Nyasaland, cha ku Dowa, koma ine ndinabadwira mu Lusaka. Kumudzi ndinkangokumva ngati malo amene amaopsezera ana osamva. Ndinali ndekha kwa amayi, popeza ang'ono anga awiri anamwalira ali makanda.

Nyumbayo sinali yathu. Masiku amenewo nyumba ya m'komboni inkatsata ntchito ya mwamuna. Atate ankayendetsa lole ya kampani ina ya matabwa, ndipo kampaniyo ndi imene inawalembetsera nyumba. Amayi ankaloledwa kukhalamo chifukwa cha mtchatho, kapepala kosonyeza kuti ndi mkazi wa atate, kamene ankakasunga m'Baibulo. Ntchito ikatha, nyumba yatha. Mwamuna akachoka, mkazi ankapatsidwa masiku owerengeka, kenako apolisi a komboni ankabwera kudzatulutsa katundu, ndipo mkazi wopanda mwamuna ankamukweza lole yobwerera kwawo. Tinaziona ndi maso kwa mayi wina wa mzere wakumbuyo. Mapoto ake anakhala panja tsiku lonse, agalu akunyambita. Choncho mkazi aliyense ku Kabwata ankadziwa kuti denga lake lili ndi miyendo iwiri ndipo likhoza kuyenda.

Chisanu cha chaka chimenecho chinayamba molawirira. Mphepo ya Juni inkadzutsa fumbi kumsewu n'kulilowetsa m'maso, m'mano, m'ndiwo momwe. Milomo inkang'ambika, miyendo inkatuwa mbuu, ndipo m'mawa tinkayamba taunjikana pambaula tisanachite china chilichonse. Ndi m'chisanu chimenecho m'mene atate anayamba kusowa masiku awiri kapena atatu, n'kubwera akununkhira sopo amene kwathu kunalibe. Nkhani inafika kudzera pampopi paja. Ku Kabulonga kunali mkazi wolera ana a mzungu, wokhala m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba yaikulu, kachipinda kokhala ndi babu lamagetsi. Mzunguyo ankafuna dalaivala wa galimoto yake, ndipo atate anali atalonjezedwa ntchitoyo pamodzi ndi malo m'kachipindamo. Anali asanavomere, analinso asanakane.

Atate anali munthu wamtali, wosayankhulayankhula. Sankamwa, sanandimenyepo, ndipo sindinawamvepo akukalipira amayi. Ankatha kudya chakudya chonse osatulutsa liwu, n'kusamba m'manja, n'kutuluka. Chimene ankachikonda kuposa chakudya chinali ulemu wawo. Nsapato ankapukuta okha, chipewa sankalola munthu kuchigwira, ndipo akamayenda pamzere anthu ankawapatsa moni asanafike. Sindiwanenera zoposa zimene anachita.

Amayi anachita zimene mkazi wa kwathu amachita banja likamagwedezeka: anapita kwa nkhoswe. Nkhoswe ya amayi inali amalume, mchimwene wawo, telala wa pakhonde la sitolo ya Mmwenye ku Kamwala. Nkhoswe ya atate inali ku Dowa, kumene kalata inkafika patapita milungu, n'kukadikiranso kuti apezeke woiwerenga. Mtolo wonse unagwera amalume, ndipo amalume sanali munthu wa mitolo. Anali wamfupi, wanthabwala, woti akanatha kuseketsa anthu pamaliro. Koma akakhala maso ndi maso ndi atate, lilime linkawathawa. Anabwera kunyumba kawiri kudzakamba mlanduwo, amayi atayala mphasa, ine atandithamangitsira panja pomwe ndinkamva zonse. Ulendo woyamba anakamba za ulusi wa masiku ano kuti ndi wosalimba. Ulendo wachiwiri anayeza atate khosi la shati n'kutsanzika.

Koma Loweruka masana amalume ankasanduka munthu wina. Kuholo ya komboni ankaonetsa kanema, amene tonse tinkamutcha bayisikopo, ndipo amalume ndiwo anali womasulira. Mazenera ankawatchinga ndi mabulangete. Ana tinkakhala pansi kutsogolo, akuluakulu pamabenchi. Kumbuyo kunali makina, ndipo woyendetsa wake anali bambo wina wachibemba wochokera ku Luapula, amene zala zake zinkanunkha guluu wolumikizira filimu ikaduka. Amalume ankakhala pambali pake, chimkuzamawu kukamwa. Mawu achingerezi ankawatsitsa, ndipo azungu onse a pansalupo ankayankhula Chinyanja kudzera pakamwa pa amalume, amuna, akazi, ngakhale mahatchi.

Mafilimu ankatifika atadulidwadulidwa. Kumtunda kunali azungu ena amene ntchito yawo inali kuonera filimu iliyonse sizasi ili m'manja, kuchotsa zimene ankati munthu wakuda sayenera kuona. Mwamuna ndi mkazi akangoyandikizana nkhope, chithunzi chinkadumpha, n'kupezeka kuti kwacha kale ndipo munthu ali pahatchi. Mabowo amenewa ankawatseka ndi amalume. Loweruka m'mawa ankaonera filimuyo awiriwiri ndi wamakina uja m'holo yopanda anthu, n'kusoka nkhani yawo ngati mmene ankasokera zigamba pathalauza. Chingerezi chawo chinali cha Sitandade 4 ndi chotolera kunkhondo. Anandiululira ndili wamkulu kuti mawu ankamva pang'ono chabe, zotsalazo ankawerenga pankhope. Palibe amene ankadandaula. Filimu ikathera panjira tinkangoti azungu adula, n'kumapita kwathu tikuwomberana mfuti za zala.

Kawirikawiri ankabwera makaubowi. Koma sabata yomaliza ya Juni, kaya ndani analakwitsa kumene ankatumiza zitini za mafilimu, munabwera filimu yopanda hatchi ndi imodzi yomwe. Inali ya azungu osauka, chinthu chimene ambirife sitinkadziwa kuti chimakhalako. Munali mwamuna wogwira ntchito kufakitale, mkazi wake wa diresi la madontho wochapa zovala za anthu, kamwana kamodzi, chipinda chimodzi chodontha, ndi mwininyumba wogogoda pachitseko. Munalinso mkazi wina wa milomo yopaka, wa kumalo omwera mowa. Amalume ataionera m'mawa muja anaona ngati Mulungu wawatumizira nkhoswe inzawo m'chitini. Anapalasa njinga mpaka kwathu, napeza atate alipo tsiku limenelo, akupukuta nsapato padzuwa. Anawauza kuti lero kuli filimu ya madalaivala, asaphonye, benchi lakutsogolo awasungira.

Atate sankapita ku bayisikopo, ankati ndi za ana ndi anthu osagwira ntchito. Koma tsiku limenelo anavala jekete ndi chipewa, mwina pothokoza kuti alamu awo asiya zoyala mphasa. Amayi anavala duku la kutchalitchi. Ine ndinayenda pakati pawo ndikudumphadumpha, ndikuyang'ana ngati anzanga akutiona. Sindikumbukira tsiku lina limene tinayenda atatu pamsewu wa Kabwata.

M'holomo munkanunkha thukuta, mtedza wokazinga ndi fumbi la mabulangete. Ndinakhala pabenchi ngati munthu wamkulu, miyendo ili lendelende. Kuwala kwa makina kunkadutsa pamwamba pa mitu yathu, fumbi likuyandama m'menemo. Amalume anayamba bwino. Anthu anaseka poona mzungu akutchera ndowa pomwe denga likudontha, ndipo wina anakuwa kuti ameneyo abwere ku Kabwata timuphunzitse kufolera. Kenako amalume anati mwamunayo ndi dalaivala, ngakhale pansalupo panalibe galimoto. Anati amanyamula matabwa. Mkazi wa milomo yopaka atatulukira, amalume anachepetsa mawu awo ngati a mtsikana: "Bwerani ku Kabulonga, bambo, kuno kuli magetsi."

Holo yonse inafa nalo phwete. Ine ndinaseka kuposa onse, ndikunyadira kuti mzungu akudziwa Kabulonga. Kenako mitu inayamba kutembenukira kubenchi lathu. Mayi wina kumbuyo anakuwa m'Chinyanja cha m'tauni: "Ba dalaiva, mwamvela? Ni yanu iyi bayisikopo."

Kuseka kwa anthu kunawaledzeretsa amalume. Zonse zimene zinawakanika pamphasa kunyumba anazikhuthula m'chimkuzamawu. Mayi wa madontho akamachapa, ankamunenetsa kuti anakwirira ana awiri m'dziko la eni. Akamayang'ana mwana, ankamunenetsa kuti mwanayu asiya sukulu akakwezedwa lole. Mwininyumba atagogoda pachitseko cha pansalupo, amalume anatchula nambala ya pachitseko chathu. Apa anthu ena analeka kuseka. Amayi anakokera duku mpaka m'maso, ndipo dzanja lawo linandifinya phewa mpaka ndinamva kuwawa. Atate anakhala mowongoka, chipewa pabondo, maso pansalu, osaphethira.

Chakumapeto mwamuna uja anakwera sitima ndi mkazi wa milomo yopaka. Mayi wa madontho anaima pazenera akuyang'ana msewu. Amalume anafewetsa mawu, ndipo ndimawakumbukira onse: "Musalire, mayi. Uyo wazindikira kale kulakwa kwake. Mawa m'mawa atsika sitima, abwera, agogoda, agwada." Pomwepo nsalu inayera mbee, makina n'kuima. Anthu anawomba m'manja. Tonse tinati azungu adula.

Atate anadikira mpaka mabulangete atachotsedwa pamazenera. Anavala chipewa, anadutsa pakati pa mabenchi mosafulumira, anaima pamaso pa amalume n'kunena kuti, "Zikomo, alamu." Lamulungu m'mawa, ife tili kutchalitchi, anabwera kudzatenga sutikesi, zovala ndi nsapato zawo. Anaiwala kagalasi kometera ndevu kamene kankalendewera pamsomali. Lolemba anasiya ntchito ya matabwa.

Ine ndakhalapo nkhoswe kangapo konse, ndipo ndimadziwa tsopano chimene amalume analakwitsa. Mlandu wa banja umakambidwa chitseko chili chotseka, kuti wolakwayo akhale ndi kanjira kobwerera popanda kuoneka kuti wagonja. Amalume anatseka kanjira kameneko ndi holo yodzaza anthu. Mwina atate akanapitabe, sindikudziwa. Koma litadutsa Loweruka limenelo, kubwerera ku Kabwata kukanakhala kugwada pamaso pa komboni yonse, ndipo mawondo a atate sanali opindika. Ndinawakwiyira amalume zaka zambiri nditazindikira zimenezi. Ndinkawakondanso kwambiri, ndipo sindinasiye kupita pakhonde lawo kukadya nzimbe.

Kalata ya ku ofesi ya nyumba inabwera sabata yomweyo. Mwana wa Sitandade 2 ndinali ine, choncho ndinawawerengera amayi mothandizidwa ndi mnansi wathu wina: titulukemo pakutha pa Julaye. Amayi anaipinda, anaiika m'Baibulo pamodzi ndi mtchatho, n'kupitiriza kusesa pakhomo. Madzulo aliwonse ankapatula ndiwo m'mbale ya atate n'kuivundikira, ndipo m'mawa ndinkadya ndine. Kagalasi kaja ankakapukuta ndi nsonga ya chitenje. Ankati munthu amene wapitiratu saiwala chometera.

Woyandikana nafe anali mayi wina wachisilamu wa ku Mangochi, wogulitsa mandasi pamsika, mwamuna wake wokhoma zidebe. Iyeyu ndi amene anabweretsa nzeru. Anati ku Kalingalinga, pamunda wa munthu wina kumene malamulo a komboni sankafika, munthu ankatha kuumba zidina, njerwa zosawotcha zija, n'kumanga, mwamuna kapena mkazi, popanda wofunsa za mtchatho. Mchemwali wake ankakhala kumeneko, ndipo pafupi naye panali kamalo kamodzi, koma kamaloko sikankadikira munthu. Anabwera katatu. Ulendo wachitatu anawauza amayi kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wamphepo. Amayi ankayankha chimodzimodzi nthawi zonse: "Akabwera atipeza kuti?" Tsiku lina ndinawamva akuwonjezera kuti ngakhale mzungu uja anabwerera.

Amayi sanali opusa. Sankadziwa kuwerenga, Chingerezi sankamva, ndipo mchimwene wawo anali asanawanamizepo. Komanso ankafuna kuti zikhale zoona. Anthu pampopi ankasiya kuyankhula akawaona, ena n'kumawatcha mayi wa madontho chapansipansi, ndipo chimene chikanawachotsa manyazi amenewo chinali chimodzi chokha, kuti nkhaniyo ithe monga inathera kuholo. Masiku ankapita. Apolisi a komboni akamadutsa pamzere wathu ankayang'ana nambala ya pachitseko, ndipo amayi ankalowa m'nyumba.

Wokhulupirira kwambiri ndinali ine. Kusukulu aphunzitsi anandiitanira pambali n'kundifunsa ngati ndidzakhalepo temu yamawa, chifukwa panali ana ambiri odikira malo. Ndinawayankha monyada kuti atate abwera mawa m'mawa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandituma kukafufuta bolodi. Ndikaweruka ndinkakhala pamwala m'mphepete mwa msewu, juzi nditakokera m'mawondo, kuyang'ana magalimoto ochokera cha ku Woodlands, mbali ya ku Kabulonga. Dalaivala aliyense wa chipewa ndinkamuimirira.

Ana a ku Kabwata tinali ndi bayisikopo yathuyathu. Unkatenga bokosi la nsapato n'kuliboola uku ndi uku, n'kuikamo babu lakufa lochotsedwa zam'kati, lodzaza madzi. Kachidutswa ka filimu unkakatsina pabowo, ndipo mnzako ankaima panja ndi galasi kulozetsa dzuwa m'bokosimo. Chithunzi chinkatuluka pakhoma, chachikulu ngati lichero. Tizidutswato tinkapempha kwa wamakina uja, chifukwa polumikiza filimu pamatayika tizithunzi tingapo, ndipo iye ankatiponya m'kabokosi. Chapakati pa Julaye anatikhuthulira kabokosiko kuseri kwa holo, ife n'kulimbirana ngati nkhuku. Anzanga anapeza mahatchi ndi mfuti. Ine ndinatsala ndi mayi wa sutikesi, amene palibe ankamufuna.

Linali Lachitatu masana pamene ndinakayesa. Galasi ndinalibe, choncho ndinatsitsa ka atate pamsomali, chinthu choletsedwa, n'kumupatsa mnzanga kuti aime nako panja. Amayi anali kuseri kwa chitenje akusankha nyemba. Ataona kuwala kukuthamanga padenga anatuluka kuti andikalipire, pakamwa atatsegula kale, n'kuona khoma. Pakhoma lathu panaima mayi wa madontho, wopindika pang'ono chifukwa khomalo linali lozungulira, akunjenjemera chifukwa dzanja la mnzanga linkanjenjemera. Amayi anayandikira mpaka mthunzi wawo unamuphimba, kenako anabwerera m'mbuyo.

Anandifunsa ngati ameneyu si mayi uja wa pazenera. Ndinati ndi yemweyo. Anati sutikesiyi sitinaione kuholo. Ndinayankha mwanzeru zanga zonse kuti azungu anadula. Amayi, nyemba zili m'manja, anati, "Azungu akadula, zodulazo zimatsala kwa azungu. Nanga izi zapezeka bwanji ku Kabwata?"

Anatsanulira nyemba m'lichero, anamangitsa chitenje m'chiuno, anandigwira dzanja, ndipo tinayenda wapansi mpaka ku Kamwala, mphepo ikutimenya fumbi kumaso. Tinapeza amalume pakhonde, makina akulira, tepi yoyezera ili m'khosi. Amayi sanapereke moni, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Anaika kachidutswako pansalu imene amalume ankasoka, pafupi ndi singano. Phazi la amalume linaima.

"Achimwene, mkazi uja anatani pomaliza?"

Amalume anayang'ana kumsewu, anayang'ana ine. "Anapita, achemwali."

"Mwamunayo?"

"Sanaonekenso."

"Nanga anapita kuti ndi mwanayo?"

"Sanaonetse. Anangotuluka n'kumayenda mumsewu mpaka zilembo zinakwera."

Kenako anayamba kufotokoza mofulumira, mawu akugundana. Anati anachita kumupempha wamakina kuti adule mchirawo, auike pambali, adzaulumikizenso filimuyo isanabwerere. Ankaopa kuti alamu akaona mkazi akudzichokera yekha, aganiza kuti njira ndi yomweyo. Ankaopanso kuti amayi ataya mtima. Amayi anawamvetsera mpaka anamaliza, n'kungoti, "Sizasi munaizolowera." Anatola kachidutswako n'kundibwezera. Amalume analira pomwepo, pakhonde la eni, Mmwenye akusuzumira pakhomo. Ine ndinaganiza kuti adzibaya ndi singano.

Mawu a pakhondewo ndinawamva onse, koma sanandilowe. Kwa ine mawu otuluka m'chimkuzamawu pamaso pa anthu onse anali olemera kuposa onong'ona pafupi ndi makina osokera. Ndinaganiza kuti amalume angovomera chifukwa choopa nkhope ya amayi, monga ndinkachitira inenso.

Madzulo omwewo amayi sanapatule ndiwo. Anapita kwa mayi wa mandasi uja, ndipo m'mawa mwake anapita limodzi ku Kalingalinga. Kamalo kaja kanali kasanatengedwe, ngakhale munthu wina anali atakhomapo kale chikhomo chimodzi, chimene mchemwali wa mayiyo anachizulitsa ndi kulongolola kwake. Masiku otsalawo amayi anaumba zidina. Ankanyamuka kukali mbuu, madzi a m'dzenje akuzizira mpaka zala kuuma, n'kubwera manja atang'ambika. Amalume anavundikira makina awo ndi nsalu n'kumapita kukaponda matope, thalauza atapinda, osanena nthabwala ndi imodzi yomwe. Wokhoma zidebe uja anaphwanya migolo iwiri yakale kuti ikhale denga, ndipo pamwamba pake anasanjikapo miyala kuopa mphepo. Nyumbayo inali yaing'ono kuposa ya ku Kabwata, yopendekeka, ndipo chitseko chake chinalibe nambala.

Amayi anakhala m'nyumba imeneyo mpaka imfa yawo, akuiwonjezera chipinda ndi chipinda. Anaphunzira kukazinga mandasi, ndipo mandasiwo ndi amene anandiphunzitsa sukulu, ngakhale ndinkayenda mtunda wautali kupita kwa aphunzitsi omwe aja. Atate ndinadzawaonanso ndili mtsikana wamkulu, m'tauni, akutsegulira mzungu chitseko cha galimoto. Anandizindikira, anagwira chipewa, n'kundifunsa ngati kunyumba kuli bwino. Ndinati kuli bwino. Zimenezo ndi za zaka zina.

Tinasamuka kutatsala tsiku limodzi kuti mwezi uthe, m'mawa, dzuwa litangotuluka. Bedi linakwera panjinga ya amalume, mapoto ndi mbaula pawilibala yobwereka. Sutikesi amayi analibe, popeza inali itapita ku Kabulonga, choncho zovala ndi Baibulo anazimanga m'chitenje chija chinkagawa chipinda. Anasesa m'nyumba monse ndi pakhomo, kuti apolisi akabwera asapeze chotaya panja. Anthu a pamzere anaima m'makomo mwawo, ndipo amayi anawatsanzika mmodzimmodzi, duku lili pamalo pake.

Iwo akutsanzika, ine ndinatola khala n'kulemba pakhoma pafupi ndi chitseko, ndi zilembo zazikulu za kusukulu, kuti ATATE TILI KU KALINGALINGA. Pansi pake ndinajambula muvi, umene ndikuganiza kuti unaloza kolakwika. Amayi atabwerera anaima n'kuyang'ana. Sankadziwa kuwerenga, koma sanandifunse kuti ndalemba chiyani. Ananyowetsa nsonga ya chitenje m'madzi otsala m'ndowa n'kufufuta chilembo chimodzichimodzi, pomaliza muvi. Kagalasi kaja anakasiya pamsomali. Anasenza mtolo, anandigwira dzanja, ndipo tinatuluka.

Ndinalira njira yonse, kachidutswa kanga nditakafumbata m'dzanja linalo. Amalume ankakankha njinga kutsogolo osacheuka. Sindinkalirira nyumba, kapena anzanga a pamzere. Ndinkalirira atate, amene adzatsika sitima, adzagogoda, adzagwada, n'kutseguliridwa ndi munthu wachilendo. Ndipo chapakati pa ulendowo, poyang'ana msana wa amayi ndi mtolo pamutu pawo, ndinawamvera chisoni chachikulu. Ndinkaganiza kuti iwo, posadziwa Chingerezi, sanaimvetse filimu ija. Amalume anali atanena momveka bwino, pamaso pa holo yonse, kuti abwera mawa m'mawa.